Maliro a Kapitawo Zuze Analibe Mwini

Dzuwa lija lotentha mvula isanagwe labweranso, ndiye kuti chaka chakwana chimwalirire a Zuze, amene anali kapitawo wathu m'shedi yosankhiramo fodya pa famu ina kufupi ndi Madzimoyo. Pamanda pa munthu pamaimirira mbale wake n'kunena kumene anabadwira, kumene anakwatira, ndi ntchito zimene anagwira. Pa a Zuze sipanaimirire munthu. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma kulemba ndinaphunzirako kwa aphunzitsi a mishoni, ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa kuti amayi anzanga ndi ana athu aziwerengerana. Ambuye andithandize ndisawonjezere kanthu.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, mano akutsogolo osongola monga ankachitira akale a kwawo. Kwawoko kunali ku dziko la Apwitikizi. Anathawa chibalo, ntchito ija yokakamiza, ali mnyamata, nayenda m'tchire mpaka anatulukira kuno, ndipo sanabwererenso. Mukawafunsa za mudzi wawo ankangoloza kumwera ndi mlomo n'kuyamba nkhani ina. Kamodzi kokha ndinawamva akutchula kuti anasiya mlongo wawo akuyamwitsa. Anakwatira aNambewe m'mudzi wina pafupi ndi famu, nakhala pa chikamwini mpaka imvi. Mwana Mulungu sanawapatse.

Kapitawo aliyense amayenda ndi ndodo. A Zuze nawonso anali nayo, koma ntchito yake inali kukandira msana ndi kuthamangitsira nkhuku pakhomo la shedi. Musaganize kuti pa ntchito anali ofewa. Ukasakaniza tsamba lachikasu ndi lofiira, ankabwera ndi kamtolo kako, n'kukamasula pamaso pako, n'kuimirira pomwepo akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo mpaka utakonza. Bola munthu akukalipire, kanyimbo kaja kankachititsa manyazi zedi. Fodya amene tinkasankhayo iwo sankamusuta. Anali ndi wawo wamphuno m'kabotolo, ndipo ankati wa mzunguyu ndi wa anthu a kutsidya kwa nyanja amene sadziwa kukoma.

Amene ankakangana nawo tsiku ndi tsiku anali aNajere, mayi wachingoni, wamtali, wapakamwa, mnzanga wa pa tebulo limodzi.

"Inu a Kapitawo, tsamba ili n'lachikasu. Maso anu akalamba."

"Akalamba, inde amayi. Koma tsambalo lafiira ngati maso a amuna anu Lolemba m'mawa."

"Asiyeni amuna anga, iwo ali ndi mudzi. Osati inu, mkamwini wokalambira pa nkhokwe ya eni."

"Nkhokweyo ndinaluka ndine."

"Munaluka, koma chimanga n'cha aNambewe."

Shedi yonse inkafa ndi kuseka, iwonso akuseka mpaka kupukuta misozi. Tinkaona ngati ndi nthabwala chabe.

Ine mkangano wanga ndi iwo unali wa kalasi ya ubatizo. M'mawa tikamapemphera ntchito isanayambe, ankavula chipewa n'kuima pakhomo, maso kunjira, kutilondera kuti mzungu angatipeze titatsinzina. Koma ndikawauza kuti bwerani mulowe kalasi, yankho linali limodzi chaka ndi chaka, kuti adzabwera fodya akatha. Fodya akatha m'shedi, nazale yayamba kudambo. Akatha kuwokera, mabalani oumitsira fodya ayaka. Tsiku lina ndinakwiya, ndinati, "Bambo, fodya satha." Iwo anati, "Ndiye mwaona, amake Rute, vuto si langa." Ndinalephera kupitiriza kukwiya.

Tsopano ndinene chimene chinachititsa kuti ndiziwatcha bambo.

Ntchito ndinayamba chaka chija dzombe linatha chimanga ndi mapira. Amuna anga anali atapita ku Halale, Rute ali wakhanda kumsana. Amene simunalowemo m'shedi ya fodya mudziwe kuti mazenera satsegula kwambiri, kuopa kuti mphepo ingaumitse masamba n'kumathyoka. Ndiye fumbi la fodya limangozungulira momwemo. Limalowa m'mphuno, m'maso, ngakhale m'malovu umalimva kuwawa. Lamulo linali lakuti mwana akhale kumsana, manja asaime. Sipanapite nthawi, Rute anayamba kutsokomola ndi kusanza mkaka, timaso tofiira, kupuma kukumveka ngati kamluzu. Ndikasiya ntchito, phoso palibe, ndipo kumudzi nkhokwe zinali zopanda kanthu. Ndikapitiriza, mwana ndikumumva akutha kumsana kwanga. Ndinkasankha fodya misozi ikugwera pa masamba, n'kumapukuta msanga kuti asathimbirire.

M'mawa wina a Zuze anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali. Kenaka anati, "Amake Rute, tamasulani abwanawo." Ana onse akhanda iwo ankawatcha mabwana. Ine mtima unagwa, ndinati basi andichotsa ntchito. Koma anamulandira Rute m'manja mwawo, munthu wamwamuna, kapitawo, kunyamula khanda la mwini, natuluka naye kupita pansi pa mkuyu umene unali kuseri kwa shedi. Pobwera anatiuza tonse a ana kuti timasule. Anati tsiku lililonse mayi mmodzi azikhala pamthunzi ndi ana onse, mulu wake wa fodya tizigawana ena tonse, iwonso atengako. Ndipo anatengadi. Mwana akalira kunja, ankabwera n'kugogoda tebulo lako ndi ndodo ija, n'kunena kuti abwana akukuitana ku ofesi. Iwe n'kupita kukayamwitsa, iwo n'kuima pamalo pako, zala zikuthamanga m'masamba ngati za mtsikana.

Mzungu wa famuyo tinkamutcha Chipewa, chifukwa sitinaonepo mutu wake. Masana ena anadzera kuseri pochokera ku mabalani, napeza aNajere atatambalala pamphasa pakati pa makanda. Anaimba chitsulo, tonse tinatuluka n'kuima padzuwa. Anafunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti ndani walamula zimenezi. A Zuze anavula chipewa nati, "Ndine, bwana." Anayamba kufotokoza za chifuwa cha ana, koma sanamalize. Chipewa anawamenya khofi pamaso pathu, munthu wa imvi. Anawavula jekete la khaki la ukapitawo napatsa mnyamata wina, iwo n'kuwatumiza kukasefa zinyenyeswa za fodya, ntchito imene fumbi lake limaposa pena paliponse.

Tinaima chilili. Aliyense anali kuganiza za phoso la ana ake.

M'mawa mwake tinabwera ana ali kumsana monga kale. Tinawapeza a Zuze panjira, opanda jekete, tsaya lili lotupa, ali ndi akazi awo. Anati, "Mabwana apite pamthunzi. Awa salembedwa ntchito pano, mzungu alibe nawo mawu." Kuyambira tsiku limenelo aNambewe, mayi amene sanabereke, ankabwera kudzakhala pansi pa mkuyu kulera ana athu, opanda malipiro, kupatula tindiwo timene tinkawatengera. Mwana akalira, kapitawo watsopano uja ankayang'ana kumbali mwamanyazi, ife n'kutuluka mwakachetechete. Rute anachira. Lero ndi mtsikana, amandisinjira ndi kunditungira madzi.

Jekete lija linabwerera kwa a Zuze mnyamata uja atapita ku Halale, ndipo Chipewa za mkuyu sanazitchulenso. Koma chifuwa chimene anachitenga kosefera kuja sichinawachoke. Ankati ndi mlendo wawo, wabwera kudzakhala.

ANambewe anamwalira m'zaka za nkhondo yaikulu ija. Atameta maliro, alongo a aNambewe anaitana a Zuze pabwalo, nawathokoza mwaulemu chifukwa chosunga bwino mbale wawo, nawapatsa khasu lawo ndi nkhuku, n'kuwauza kuti awasudzula, ndi omasuka kubwerera kwawo. Sindikuwanena anthuwo. Ndi mwambo wathu, ndipo minda m'midzi imene boma linatipanikizamo inali itachepa kale. Pakanakhala ana, akanakhalira anawo. Ndiye munda umene anathyola ndi manja awo, nyumba, nkhokwe ija, zonse zinatsala. Ananyamula mphasa n'kubwera kudzamanga kanyumba kumapeto kwa komboni ya pa famu. Atalowa m'shedi m'mawa mwake anati, "Ukamwini ndamaliza, tsopano ndine mnyamata. ANajere, chenjerani." ANajere tsiku limenelo anangoweramira pa tebulo, ndipo ndinaona akusakaniza masamba.

Chaka chatha, titatsala pang'ono kumaliza kusankha, a Zuze anayamba kulavula magazi. Chipewa anawakweza pa lole ya mabelo kupita nawo kuchipatala ku Boma. Lamulungu lina ine ndi aNajere tinanyamuka kutangocha, wapansi, titatenga thobwa ndi mbatata yootcha. Tinawapeza ataonda, mapewa aja atatha. Bedi lawo linali pafupi ndi zenera loyang'ana kuseri kwa chipatala.

"Mwayenda wapansi mtunda wonsewu? Nanga mabwana mwasiyira yani?"

"Mabwana anu akula, akuweta mbuzi," anatero aNajere. "Inu dzukani. Amene akugwirizira malo anu sadziwa chikasu ndi chofiira."

"Ndiye mukugwirizana naye bwino."

Anaseka, kusekako kunasanduka chifuwa, tinawagwira msana mpaka chinaleka. Atapuma analoza pazenera, pamene panali kanjira kolowera kutchire.

"Dzulo apita naye wa pabedi apo. Analibe munthu. Anabwera akaidi ndi msilikali wawo, anamukulunga m'bulangeti, ulendo. Wolira panalibe ngakhale mmodzi. Pobwerera bulangetilo anabwera nalo." Anandiyang'ana. "Amake Rute, inu mumapemphera. Imfa sindikuiopa ayi. Koma musalole kuti ndinyamulidwe ndi akaidi."

Ndinati, "Sizidzachitika, bambo." Ndinanena ndi mtima wonse. Ndinkaona ngati ndi chinthu chapafupi, pakuti m'midzi yonse yozungulira famu munali ana amene anadutsa m'manja mwawo.

Uthenga wa imfa unabwera ndi woyendetsa lole. Tinapita kwa Chipewa, ndipo ndinene zoona, sanavute. Anatipatsa nsalu yoyera, anati matabwa tengani, lole ilipo. Pa famupo panalibe manda, chifukwa antchito tonse tinali a m'midzi yapafupi, koma iye anati tikafuna tikumbe kutsidya kwa dambo. Zonse zinalipo. Chimene chinasowa ndi munthu wamwamuna woti aimirire n'kunena kuti malirowa ndi anga.

Ndinathamangira kwa amalume anga a Gideoni, mkulu wa mpingo m'mudzi mwathu, munthu wabwino amene sanandimanepo kanthu. Ndinagwada pakhonde.

"Amalume, ndabwera ndi maliro."

"Ndamva, mwana wanga. Mwini wake ndani?"

"Ndife."

"Inu ndinu olira. Ndikufunsa mwini, woti auze adzukulu kuti kumbani apa. Mawa akabwera ana a mlongo wawo n'kufunsa kuti munthu wathu anafa bwanji, nanga munamuika bwanji osatiuza, ayankhe ndani?"

"Ndiyankha ine."

"Mlandu wa maliro sufikira pa iwe. Ufikira pa ine ndi mudzi wonse."

"Nanga mpingo?"

Anati, "Akanakhala athu, ndikanaimirira lero lomwe n'kunena kuti ndi athu. Koma ngakhale kalasi sanalowe. Ndinena chiyani kwa akulu anzanga?"

Ndinaona kuti nawonso zikuwapweteka. Anatulutsa njinga yawo, napempha bambo wina wodziwa njira za kumalire kuti apite akafunefune abale a a Zuze. Anati tidikire, maliro saika mwini asanamve.

Tinapita kwa alongo a aNambewe. Anatilandira bwino, koma anati anasudzulana pamaso pa anthu, akawatenga ndiye kuti abweza mawu, ndipo manda awo ndi a mbumba yawo. Tinapita kwa amuna a m'komboni. Iwo anati kuswa manda atsopano pa dothi losaikapo munthu, popanda mwini maliro, ndi kuitanira imfa pakhomo pako. Anyamata amene mwina akanalimba mtima anali kutali, ena ku usilikali sanabwerere, ena ku migodi, ena ku Halale monga amuna anga. Tinatsala amayi ndi nkhalamba.

M'mawa mwake tinanyamuka gulu la amayi kupita ku Boma, nsalu yoyera ija ili pamutu panga. Tinakumana ndi wothandiza dokotala, bambo wofatsa wa magalasi.

"Ndinu ndani wawo, amayi?"

"Ndife ana awo," anatero aNajere.

Anatiyang'ana mmodzimmodzi, ena a ife a imvi. Sanatitsutse. Anati, "Chabwino. Atengeni lero. Muli ndi powaika?"



Ndinawapempha kuti adikire wa njinga abwere. Anati, "Amayi, mukuliona dzuwali. Chipinda chathu chosungiramo mitembo n'chamalata. Ndikhoza kuwasunga mpaka mawa masana, kupitirira apo sindingathe, ngakhale akanakhala bambo anga ondibala."

Tinabwerera kukayesanso. Panjira aNajere anaima nati, "Ndipatseni khasu. Ndikumba ndekha kutsidya kwa dambo." Tinangoyang'anana. Chibadwire palibe mwa ife anaonapo mkazi akukumba manda, ndipo aliyense anali ndi ana oti awaopere. Iwo omwe anadziwa kuti sizitheka. Anakhala pansi m'mphepete mwa msewu n'kudzifunda nsalu kumutu, ife titawazungulira, malole akutithira fumbi. Titafika kumudzi ndinagwadanso kwa amalume. Wa njinga anali asanabwere, ndipo mawu anali omwe aja.

Ndiye tsiku lotsatiralo masana tinali kuseri kwa chipatala pamene akaidi anafika ndi msilikali wawo. Bambo wa magalasi uja anatichitira chifundo, anawasambitsa n'kuwakulunga mu nsalu yathu yoyera. Chimenecho chokha ndi chimene tinakwanitsa, kuti anapita ndi nsalu yawoyawo yosabwerera.

Mkaidi wina wachikulire anafunsa, "Ndi bambo anu, amayi?"

Ndinati, "Anali kapitawo wathu."

Anaima, natiyang'ana tonse. "Kapitawo? Mwayenda ulendo wonsewu kudzalira kapitawo?"

"Nyamulani bwino, mutu usagwedezeke," anatero aNajere.

"Tinyamula bwino, amayi. Nafenso tili ndi kwathu."

Ndipo ananyamuladi bwino, pang'onopang'ono, monga amanyamulira mbale. Msilikali anatilola kutsatira m'kanjira kaja mpaka pamene mitumbira imayambira, nati tiime pomwepo. Ndinayesa kuyambitsa nyimbo, mawu anakana kutuluka. Kulira mokweza nakonso kunatikanika, pakuti pamaliro amayamba kulira ndi eni, ena n'kulandira. Tinangoima padzuwa, tikumva makasu. Ndinapemphera chamumtima, ndinati, Ambuye, munthuyu anandipempha chinthu chimodzi chokha. Pemphero langa linathera pomwepo, sindinapeze mawu ena.

Wa njinga anabwera maliro ataikidwa kale. Anati anazungulira midzi yambiri kutsidya kwa malire, koma palibe amene anadziwa za mnyamata wothawa chibalo kalekale, ndipo a Zuze kumeneko ndi ambiri. Mwina dzinalo silinali la ubwana wawo. Amalume atamva anangoti, "Tachedwa pachabe," n'kulowa m'nyumba. Chiyambire tsikulo nkhaniyi sitinaikambenso.

Anthu amandiuza kuti ndisadzivutitse, Mulungu amadziwa pamene pagona aliyense. Ndimakhulupirira. Ndimawathokoza Ambuye chifukwa chondikumanitsa ndi munthu wotere pa nthawi imene ndinalibe wondigwira dzanja, ndipo za kalasi ija ndazisiya m'manja mwawo, amene amaona zimene ife akulu a mpingo ndi amayi sitiona. Koma nditapitako mvula itatha, mitumbira inali itafanana yonse, udzu utamera, ndipo sindinathe kudziwa kuti wawo ndi uti.

Kwathu kuno maliro akatha eni amaitana anthu kudzameta, kenaka nyumba ya womwalira amaigwetsa, kuti zithe. A Zuze palibe anawametera, ndiye palibenso amene ali ndi mphamvu yogwetsa kanyumba kawo, kapena kulowamo, kapena kugawa za m'katimo. Kali chiimire kumapeto kwa komboni. Chitseko chake chabango ndi chomanga ndi luzi lomwe anamanga okha tsiku lokwera lole. Denga lafota mbali imodzi, chiswe chakwera m'zipupa, ndipo maungu amene anamera okha padzala anayanga mpaka pamwamba, anabereka, n'kuwolera pomwepo popanda wothyola. Ukasuzumira pa mng'alu umaona mphasa yopinda, khasu litatsamira khoma, ndi mafuwa a moto wawo womaliza. Antchito atsopano akafuna kusasula udzu wa padenga kuti akolezere moto, timawaletsa, ndipo akatifunsa kuti nyumbayi ndi ya yani, timati ili ndi mwini wake. Loweruka lililonse tikaweruka, ine ndi aNajere timapita ndi tsache. Timazula thengo, timasesa bwalo lonse mpaka pakhomo, n'kulekeza pomwepo.